Mapulagi a Mano Awiri

Tembisa
19 Febuluwale 2023

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Amayi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino. Miyendo yokha ndi imene inatupa ndi ulendo wa masiku awiri, koma tsopano yaphwa.

Munati mawu a pafoni amauluka, mukufuna kalata ngati zimene inu munkalembera agogo muli ku mgodi. Nayi kalatayo. Ndaipereka kwa a Wilfred, amene amanyamula katundu wa anthu pa basi ya ku Lilongwe. Akuti azikaisiya pa golosale yoyandikana ndi shopu yanu pa Manjawira, ndipo yankho lanu muzikalisiya pomwepo.

Ndikudziwa kuti Amayi anada nkhawa masiku atatu amene sindinamveke. Auzeni kuti sanandibe, sanandigwire. Inali nkhani ya pulagi basi.

Ndinafika foni itathima kale. A Rute, mwana wa azakhali, amagona kuntchito mpaka Lachisanu, ndiye anangondisiyira kiyi kwa oyandikana nawo. Nditalowa m'chipindamo ndinatulutsa chaja yanga, ulendo pakhoma. Ababa, siinalowe. Mano a pulagi yathu ndi amakona, pamene mabowo a kuno ndi ozungulira, aakulu oti mungalowe pensulo. Ndinaitembenuza uku ndi uku ngati mwina ndine ndikulakwitsa. Ndinayesa soketi ya kuseri kwa bedi, chimodzimodzi. Kuti ndigogode kwa aneba, chinenero chawo sindichidziwa, ndipo a Rute anali atandichenjeza kuti ndisamangodzionetsa kuti ndine mlendo.

Tsiku lachiwiri ndinapeza kawaya pansi pa bedi. Ndinaganiza zokulunga ku mano a chaja, mbali inayo n'kulowetsa m'khoma ndi timitengo ta machesi, monga amachitira anthu pamsika paja. Ndinafika pokasenda kawayako ndi mano. Kenaka ndinangoona nkhope yanu, mmene mumawayang'anira makasitomala obwera ndi wailesi yakupsa, ndipo ndinakabwezera pansi pa bedi.

A Rute atabwera anaseka mpaka kukhala pansi. Anati, "Mwana wa okonza mawailesi wagonja ndi khoma!" Ananditengera ku kagolosale ka pakona, tinagula kachinthu kotchedwa adaputa, R35. Kumbuyo kali ndi mano ozungulira a kuno, kutsogolo kali ndi mabowo a kwathu. Ndinakawerenga bwinobwino ndisanalumikize. Mphamvu ya magetsi a kuno ndi 230, yofanana ndi ya kwathu, kusiyana ndi mano okha.

Koma pali chimodzi chimene simunatiuze zoona. Munkati ku Joni magetsi sathima. Ababa, Joni wanu uja anatha. Foni itangoyamba kulowa moto, magetsi anapita maola anayi. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno amalengezeratu nthawi, ndiye munthu umakwiya mokonzekera.

Ntchito sindinapeze, koma a Rute akundifunsira. Feteleza wachiwiri uja munathira? Amayi asamanyamule madzi okha, bondo lija lisayambirenso.

Ndine mwana wanu,
Tawina


Tembisa
26 Malichi 2023

Okondedwa Ababa,

Moni kwa inu ndi Amayi. Tamva za mvula yoopsa imene yawononga kummwera. Mtima unakhala pansi Amayi atandiuza pafoni kuti kwathu kwangogwa chimbudzi ndi chimanga cha kumunsi kwa munda. Chimbudzicho musakumbe nokha, msana wanuwo ndimaudziwa. Ine ndili bwino, ndanenepa pang'ono ndi buledi wa kuno.

Ntchito ndapeza. Ndikugwira m'nyumba ya Mayi Nomsa ku Kempton Park. Iwo ndi namwino, akhala ku Amereka zaka khumi ndi zinayi, ndipo angobwerera kwawo chaka chino ndi amuna awo. Ndi munthu wachangu, woseka mokweza, amanditchula kuti Tawi. Amuna awo, amene ndimangowati bwana, ndi aja oti chilichonse amachidziwa kale iwe usanamalize kunena.

Sabata yatha kunafika kontena ya katundu wawo wa ku Amereka. Tatha masiku anayi tikumasula makatoni. Mukanakhalapo simukanafuna kudya. Muli wailesi yokhala ndi wotchi, choumitsira tsitsi, makina a khofi, nyale zamitundumitundu, ndi zina zoti sindidziwa ntchito yake. Koma chimene amayiwo amachikonda koposa ndi makina ofiira osakanizira ufa wa keke, amati mikisa. Ndi olemera ngati mbuzi yaing'ono. Anawagulira ndi anamwino anzawo potsanzikana, ndipo onse analemba mayina awo kunsi kwake. Powatulutsa m'katoni anawakumbatira ngati mwana. Akufuna kuyamba bizinesi ya makeke, ndipo keke yoyamba ndi ya ukwati wa mwana wa mchemwali wawo mu Meyi.

Tsono mapulagi a zinthu zimenezi ndi mtundu winanso. Ali ndi mano awiri opyapyala ngati a mbewa. Ndiye ndaona mitundu itatu: amakona a kwathu, ozungulira a kuno, ndi opyapyala a ku Amereka.

Ine poti ndinakulira m'shopu yanu, chilichonse ndikachitulutsa m'katoni ndimayamba ndachitembenuza n'kuwerenga kumbuyo. Zina, monga chaja ya kompyuta, zalembedwa kuti 100 mpaka 240. Zimenezo zilibe vuto, zimadya magetsi a kulikonse. Koma zambiri zalembedwa 110V basi, ndi mikisa yomwe. Pakhoma pano pali 230.

Dzulo bwana anabwera ndi jumbo yodzadza ndi maadaputa. Anaikhuthulira patebulo n'kunena kuti, "Nkhani yatha." Ndinafuna kunena kuti adaputa imangosintha mano, mphamvu siisintha, koma ndinaopa. Ndatha milungu itatu yokha pantchito. Wantchito wa m'nyumba, mlendo m'dziko la eni, angauze bwana za magetsi? Mwayi wake sanalumikize kanthu, akudikira amisiri amalize makabati a kukhitchini. Ndipeza mpata ndiwauze amayiwo ali okha.

Ndatumiza shuga, sopo ndi mafuta opaka pa bondo la Amayi. Mabatire ali m'kati mwa sokosi ndi anu.

Ndine mwana wanu,
Tawina


Tembisa
16 Epulo 2023

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine ndiliko. Kwayamba kuzizira m'mawa.

Ndili ndi funso la ntchito yanu. Pali mnzanga wina kuno, nayenso amagwira m'nyumba. Kuntchito kwake makina a 110 analumikizidwa pakhoma la 230 ndi adaputa chabe. Akuti analira mwaukali kamphindi, kenaka kunamveka kuti phu, kautsi kotuwa n'kutuluka kumbuyo, ndi fungo la pulasitiki wopsa. Moto sunayake. Iye anazula pulagi msanga, munthu asanawerenge mpaka faifi.

Kodi makina otero ndiye kuti afa? Kapena pali chimene chingatsale chamoyo m'katimo? Akatsegula ayambire pati kuyang'ana? Mundiyankhe ndi basi yomweyi ngati mungathe. Mnzangayo zamuvuta kwambiri, sakudya bwino.

Masiku ano ndikumapezeka pakhomo, ntchito yachepa pang'ono. Mwezi uno sinditumiza kanthu, mundikhululukire. Amayi musawauze, angayambe kuganiza zambiri.

Chimanga mwayamba kudula? Musasiye mikukwe nthawi yaitali kumunda, mbuzi za anthu zimamasulidwa msanga.

Ndine mwana wanu,
Tawina


Kempton Park
21 Meyi 2023

Okondedwa Ababa,

Moni wa chimwemwe kwa inu ndi Amayi. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Mwandigwira. Nditatsegula kalata yanu, mzere woyamba unali wakuti, "Umuuze mnzakoyo adye, poti ndi mwana wanga." Ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi, a Rute mpaka anadabwa.

Zinayenda chonchi. Mpata wouza amayiwo sindinaupeze, kapena ndinene kuti ndinkauzengereza. Makabati atatha, tsiku lina amayiwo ali kuntchito, bwana anafuna kuwadabwitsa. Anaika mikisa pamalo pake, anavekapo adaputa, n'kundiitana.

"Tawina, yatsa tione."

Ndinati, "Bwana, kumbuyoku kwalembedwa 110."

Koma ndinanena motsitsa, ngati ndikupempha mchere. Iwo anati, "Ndi ntchito ya adaputayo. Yatsa."

Ndinayatsa. Zotsatira zake mukuzidziwa. Amayiwo atabwera anamva fungo ali pakhomo. Anafunsa kuti wayatsa ndani, ine ndinati ndine, poti chala chinali changadi. Ndinayang'ana bwana, iwo anayang'ana pawindo. Amayiwo sanakalipe. Anangogwira makinawo n'kunena kuti, "Pita kunyumba, Tawi. Ndidzakuitana." Milungu iwiri inatha osandiitana.

Kalata yanu ndi imene inandidzutsa. Chithunzi munajambula chija ndachisunga, ngakhale zilembo zake munalemba zikuluzikulu ngati za pabolodi. Munati ndiyambe ndanunkhiza mota ndi kuona mawaya ake a kopa, ngati akuwala ndiye kuti mtima ulipo, chapsa ndi kabolodi kochepetsa liwiro.

M'mawa mwake ndinakaima pageti pawo. Amayiwo atatuluka ndinati, "Sindinabwerere ntchito. Ndibwerekeni makinawo masiku atatu."

Anati, "Ukawatani?"

Ndinati, "Bambo anga amakonza mawailesi. Ndinayamba kugwira waya ndisanayambe sukulu."

Kenaka anati, "Kushopu andiuza kuti ndingowataya. Tenga, palibe chimene ungawonjezere kuwononga."

Ndinawanyamula m'chikwama cha a Rute, m'takisi anthu akudandaula kuti ndawaponda ndi katundu. Nditatsegula, Ababa, kopa anali kuwala ngati watsopano! Kabolodi ndi kamene kanada mbali imodzi.

Ndinapita m'tauni kukafuna zipangizo. Mashopu atatu anandibweza. Pa kashopu kachinayi, kakang'ono ngati kanu, ndinkadandaula ndekha m'Chichewa, ndipo mkulu wina wa imvi anadzutsa mutu kuseri kwa mawailesi n'kunena kuti, "Mwana wa kuti iwe?" Ndi a Yoramu, kwawo ndi kwa Champiti, akhala kuno zaka makumi atatu. Anatenga mota n'kuyamba kuiyang'ana, ine n'kuwauza kuti ndanunkhiza kale, ili moyo. Anaseka n'kuti, "Wakuphunzitsa kununkhiza mota ndi munthu wakale." Anandipezera tizipangizo tiwiri timene tinapsa, n'kundipatsa chowotcherera kuti ndilumikize ndekha iwo akuonerera. Sindinalakwitse.

Anandionetsanso thiransifoma yotsitsa mphamvu kuchoka pa 230 kufika pa 110, kabokosi kolemera ngati mwala wa mphero. Anati isakhale yaing'ono, ikhale yoposa chimene makinawo amadya. Ndinawaimbira amayiwo, anabwera okha ndi galimoto n'kuigula.

Tinakayesera kukhitchini kwawo, bwana ataima patali pafupi ndi chitseko. Nditayatsa, makina anayamba kuzungulira mwaulemu, pang'onopang'ono, opanda utsi. Amayiwo anakuwa, anandinyamula m'mwamba ndithu, munthu wamkulu ngati ine. Phokoso litatha bwana anatsokomola n'kunena kuti, "Nomsa, ndine ndinamuuza kuti ayatse. Anandichenjeza." Zimene zinatsatira zinali m'chinenero chawo, koma sindinafune womasulira.

Keke ya ukwati inatheka dzulo, ya nsanjika zitatu. Tsopano andipatsa chipinda kuseri kwa nyumba, ndizigona konkuno m'kati mwa sabata. Zikomo, Ababa. Ndatumiza jekete, muzivala popita kushopu m'mawa.

Ndine mwana wanu,
Tawina


Kempton Park
2 Julayi 2023

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndi Amayi. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mano.

Lero ndikufuna ndikuyeseni mayeso. Bwana ali ndi wailesi yawo ya wotchi ija ya ku Amereka. Tinailumikiza ku thiransifoma bwinobwino, ikuyimba bwino, koma wotchi yake imachedwa. Akaikonza madzulo, m'mawa imapezeka yatsalira ndi ola ndi kuposa. Lamlungu lina anafika kutchalitchi anthu akutuluka, atavala suti, Baibulo kukhwapa. Anabwera akunena kuti thiransifoma yanga ndi yabodza. Ine ndinakhala nayo pansi wotchiyo, foni m'manja. Pa ola lililonse imataya mphindi khumi, osaposa, osachepera. Chinthu chowonongeka sichingasunge mwambo chotero.

Mwapeza yankho? Ine linandikanika, anandiuza ndi a Yoramu. Akuti magetsi amagunda ngati mtima. A ku Amereka amagunda ka 60 pa sekondi, a kuno ndi a kwathu ka 50. Wotchi imeneyi imawerenga kugundako kuti idziwe nthawi. Thiransifoma imatsitsa mphamvu koma kagundidwe siikasintha. Ndiye wotchiyo siinawonongeke, ikungodikira kugunda kumene kuno kulibe. Mundiuze zoona ngati munkazidziwa. Bwana nditawafotokozera anangoti, "Ndimaganizanso choncho."

Panopa m'nyumba muno chilichonse ndachimata tepi pa pulagi. Yofiira ndi ya 110, chimenecho chimadzera ku thiransifoma. Yobiriwira chimalowa pakhoma ndi adaputa. Bwana asanalumikize kanthu amakuwa kuti, "Tawina, ichi ndi chofiira?" Anzawo a amayiwo, amene anabwereranso kuchoka kunja, ayamba kundiitana kuti ndikawaonere katundu wawo. Loweruka ndimakathandiza a Yoramu kushopu, akundiphunzitsa mafoni.

Tsono nkhani yaikulu nayi. M'galaja munali makina osokera amagetsi, achitsulo, amene amayiwo sagwiritsa ntchito. Nditawauza kuti Amayi amasoka mayunifolomu pa makina opalasa ndi bondo lowawa, anati, "Atengere amayi ako." Ndawapereka kwa a Wilfred. Makatoni ndi awiri: lalikulu ndi makina, laling'ono lolemera ndi thiransifoma yake, ndipo kalatayi ndaimata pa laling'onolo.

Ababa, makinawa ndi ofiira. Ndi a 110. Pulagi yake ya mano awiri musaidule, ilowe mu thiransifoma momwe ilili. Pulagi ya thiransifoma ndi imene ndaisintha kale, ndaika yamakona ya kwathu. Ndikudziwa kuti ndikuphunzitsa mphunzitsi, koma ndimafuna ndinene mokweza ulendo uno.

Kumene amakhala a Rute kunadutsa anthu ofunsa mapepala a alendo. Ndinali komweko Loweruka limenelo. Tinakhala m'nyumba masiku awiri, makatani otseka. Zatha tsopano, tili bwino tonse. Amayi musawauze.

Ndine mwana wanu,
Tawina


Kempton Park
30 Julayi 2023

Okondedwa Ababa,

Moni. Ndikhulupirira kuti m'thupi muli bwino. Ine ndili bwino. Mwezi uno kuno kunagwa chisanu choyera ngati ufa kuchokera kumwamba, anthu akuluakulu n'kumathamanga panja ngati ana. A Yoramu akuti n'zosowa.

Basi yabwera kawiri yopanda kalata yanu, ndiye ndayamba ndine. Amayi anandiimbira, andiuza zonse.

A Wilfred ndakambirana nawo kale. Akuti katundu anachuluka pa sikelo, ndiye anasiya katoni yaing'ono kuti idzabwere ulendo wotsatira, osadziwa kuti ikunyamula moyo wa inzake. Kulakwa kwina ndi kwanga. Kalata ndikanaimata pa makina.

Amayi pofotokoza ankaseka mpaka kutsamwa. Akuti munadula pulagi ya mano a mbewa ija, munaika yamakona, n'kuwauza kuti aitane anzawo a kutchalitchi adzaone. Akuti atangoponda, makina anathamanga ngati njinga yamoto, nsalu inauluka, utsi n'kudzadza m'nyumba, amayi ena n'kutulukira pakhomo atasiya nsapato. Nanenso ndinaseka. Kenaka Amayi anasiya kuseka.

Ndinawafunsa kuti, "Koma Ababa sanawerenge kumbuyo? Iwo amene anatikuza ndi lamulo limenelo?"

Anati, "Anatembenuza, mwanawe. Anayang'ana nthawi yaitali. Manambala sanawaone, ndipo anachita manyazi kundifunsa pamaso pa alendo."

Akuti vuto la maso anu linayamba chaka chatha ine ndisananyamuke. Akuti mafoni mumawabweza kuti mulibe zipangizo, mumangolandira mawailesi akuluakulu amene mumawadziwa ndi zala. Akuti chithunzi cha mota chija munachijambula panja padzuwa, mphuno itagunda pepala, tsiku lonse. Ndipo akuti makalata anga onse amakuwerengerani ndi iwo. Ndiye kuti paliponse pamene ndinalemba kuti "Amayi musawauze", ankawerenga ndi Amayiwo, mokweza! Akuti pofika pamenepo ankangoti, "Chabwino, sindinamve."

Ababa, ndinakwiya tsiku limodzi lathunthu. Makina sindikuwadandaula, ndi chitsulo. Chinandipweteka n'chakuti munandisiya ndikwere basi osandiuza. Koma ndinakumbukira kuti inenso ndinali ndi "mnzanga wina", ndiye mkwiyo unathera pomwepo. Tonse ndife amodzi.

Ndinawafotokozera Mayi Nomsa mmene Amayi akunenera, kuti mumaona ngati muli mu nkhungu ndipo dzuwa limakuthobwani. Akuti sangaweruze ali kuno, koma zikumveka ngati ng'ala, ndipo ikakhala imeneyo madokotala a maso amaichotsa, anthu ambiri n'kuonanso bwino. Akuti chofunika ndi kupita kukayezetsa, osadikira.

Inu mumakalipira makasitomala amene amasunga wailesi chaka chathunthu ikukhosomola, n'kuibweretsa itafa. Ndikukupemphani, pitani kuchipatala sabata ino. Ndalama za ulendo ndatumiza kwa Amayi. Amayi, poti ndinu mukuwerenga, mzere uwu muubwereze kawiri.

Makinawo aphimbeni ndi nsalu. Thiransifoma ikakhala kuti yafika, muisunge pouma.

Ndine mwana wanu,
Tawina


Kempton Park
26 Novembala 2023

Okondedwa Ababa,

Moni kwa inu, ndipo ulendo uno ndi kwa inu nokha, poti mukuwerenga nokha. Amayi muwapatse moni pakamwa. Ine ndili bwino kwambiri.

Kalata yanu ndaiwerenga kasanu. Tizilembo tanu takale tija tabwerera, ting'onoting'ono topendekera kumanja. Ndinakawaonetsa Mayi Nomsa ngakhale samva Chichewa, iwo n'kuphika keke yoti tidye atatu. Bwana anadya zigawo zitatu pokondwerera diso la munthu amene sanamuonepo.

Ndaseka madandaulo anu. Mukuti chichotsereni bandeji ya opaleshoni ya diso mwapeza kuti shopu ndi yakuda, akangaude anamanga mpaka m'mawailesi a anthu, ndipo palibe anakuuzani. Mukutinso Amayi ali ndi imvi zimene simunkazidziwa. Zimenezo mukanasunga mumtima. Diso lachiwirilo, poti akuti Januwale, musadzazembe. Mankhwala odonthezera musasiye chifukwa choti mwayamba kuona.

Za wotchi ya bwana, mwavomera mochedwa koma mwavomera. Ndalemba tsiku lake: lero Ababa anena kuti sankadziwa.

Kuno zinthu zasintha pang'ono. A Yoramu manja ayamba kuwavuta pa tizinthu ta m'mafoni, ndiye andipempha kuti chaka chamawa ndizikhala pa tebulo lawo masiku atatu pa sabata. Ndinkaopa kuwauza Mayi Nomsa. Nditawauza anati, "Ndimadziwa kuti sudzakalamba ukukolopa m'nyumba mwanga. Koma masiku enawo ndi anga, ndipo zofiira zonse zikadali zako." Pali za mapepala zimene ndiyenera kukonza ndisanayambe, tidzakambirana pamaso.

Ndati pamaso chifukwa ndikubwera. Ndinyamuka pa 16 Disembala, ndidzatsika pa Manjawira tsiku lotsatira ngati pachipata cha m'malire sipadzakhala mzere wautali. Ndidzakhala milungu itatu. Mbewu mukhale mutadzala, ine ndidzathandiza kupalira.

A Yoramu andipezera mota ya makina osokera, ya magetsi a kwathu, pamodzi ndi chopondera chake. Akuti makina achitsulo ngati amenewo mota yake imangomasulidwa ndi bawuti imodzi, ina n'kulowa. Ikalowa imeneyi thiransifoma sidzafunikanso, Amayi azidzangolumikiza pakhoma. Motayo sindipereka kwa a Wilfred. Ndidzaifungata pamiyendo kuchokera kuno mpaka kwathu.

Koma Amayi akuti mwavundukula kale nsalu ija, ndipo mukumazungulira makinawo ndi sikuludiraiva m'manja. Ababa, asiyeni. Ntchito imeneyo ndi yanga. Ndili mwana ndinkakugwirirani tochi mpaka mkono kuuma, inu mukungoti, "Unika apa, osati pankhope panga." Ulendo uno wogwira tochi ndinu. Pukutani tebulo, mubwereke mpando wachiwiri ku golosale.

Ndine mwana wanu,
Tawina